Amene Amakoka Bulangete Ndani?

Ine ndi kemisitiri tinasiyana kalekale, osatsanzikana n'komwe. Ndiye tangoganizani mwana wanga wa Fomu 3 kundifunsa pa nsima kuti, "Ababa, bwanji mchere umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti usungunuke pamoto, pomwe madzi amawira pa 100 basi?"

Ndinakhosomola kaye, n'kuti akafunse amayi ake. Amayi akewo anangoti, "Si inu mumati munkakhala nambala wani m'kalasi?"

Usiku ndinaba buku la mwanayo.

Nkhani yake ili motere. Molekyu ya madzi ndi atomu imodzi ya oxygen ndi maatomu awiri a hydrogen. Maatomuwa sapatsana ma elekitironi, amangowagwiritsa ntchito limodzi, awiriawiri. Mgwirizanowu amautcha covalent bond, ndipo Gilbert Lewis wa ku America anaufotokoza mu 1916. Maatomuwa ali ngati banja lofunda bulangete limodzi mu June: wina sangachoke osamuvundukula mnzake. Koma oxygen amakokera bulangetelo mbali yake, hydrogen n'kumagona miyendo ili pamtunda. Apa ndinamvetsa msanga, chifukwa hydrogen wa pakhomo pano ndine.

Chinandidabwitsa n'chakuti m'kati mwa molekyu mgwirizano ndi wolimba zedi, koma pakati pa molekyu ndi inzake kukokana kwake n'kofooka. Mukatereka madzi a tiyi, moto suthyola H₂O ayi, umangobalalitsa mamolekyu, ndipo nthunzi ija ndi madzi omwewo. Kufooka kumeneku n'chifukwa chake methane, mpweya wotuluka m'ndowe zikamaola, amawira pa madigiri 162 pansi pa ziro. Madzi amalimbako mpaka 100 chifukwa cha kukokera mbali imodzi kuja, komwe kumachititsa mamolekyu ake kumamatirana pang'ono. Mchere ndi nkhani ina: sodium amapereka elekitironi yake kwa chlorine kwathunthu, onse awiri n'kusanduka ma ayoni, omwe amagwirana mwamphamvu mbali zonse; n'chifukwa chake mchere umafuna madigiri 801.

M'mawa ndinafotokoza zonsezi nditaima, dzanja lili m'thumba. Mwana anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Zikomo ababa, koma buku langa mwalisiya pansi pa pilo wanu."

Bukulo likutinso mamolekyu ngati a madzi sadutsitsa magetsi. Musatengeke nazo. Akunena madzi osasakanikirana ndi china chilichonse, pomwe a pampopi ndi a pachitsime ali ndi timichere tosungunuka. Tsiku limene magetsi ayaka kwanuko, pukutani m'manja musanagwire soketi.