Ulemu kwa Kaseti Yachikasu ya pa Chiguduli

Pa katundu yense amene amayalidwa pa chiguduli tsiku la msika, kaya pa Kande kaya pa Chintheche, pakati pa machaja oduka, marimoti amasiye ndi zidole za mwendo umodzi, palibe chonyozeka kuposa kaseti yachikasu ya gemu ya pa TV. Amayi amaikankha ndi chala pofuna kuona nsapato imene ili pansi pake. Wogulitsa yemwe sadziwa mtengo wake mpaka ataona nkhope yanu. Lero ndati ndiiombere m'manja, chifukwa kuno kunyanja kulibe katundu wa mtima wabwino ngati ameneyu.

Tiyambe ndi kuwolowa manja kwake. Pachikuto pamalembedwa 9999999 in 1, magemu ongoperewera imodzi kuti akwane 10 miliyoni, onse m'kabokosi kolowa m'thumba la malaya. Ndani wina adakulonjezanipo zochuluka chotere pa ndalama yochepa chonchi? Ansanje amati n'zabodza. Akuti mukatsika mndandandawo mupeza magemu owerengeka: Super Mario Bros., Duck Hunt, Battle City ya akasinja ija, mwina Contra mukadzuka ndi mwayi, kenako omwewo kubwerezabwereza. N'zoona, koma taonani luso lake. Poyamba Mario wavala zofiira. Mukatsika pang'ono wavala zobiriwira ndipo akuyambira pakati pa ulendo. Kutsogolo uko mitambo yasintha mtundu, dzina lasintha, koma ndevu n'zomwezo. Ndi mulu wa usipa woumbidwa ndi dzanja lodziwa malonda, pamwamba phiri, m'kati mphepo, komabe ndiwo mudya ndithu.

Kuyenda, yayenda kuposa tonsefe. Makolo ake ndi a ku Japan, kumene kampani ya Nintendo idatulutsa makina a Famicom mu 1983 ndi Super Mario Bros. mu 1985. Nthawi imeneyo kuno kudalibe ndi wailesi yakanema yomwe, poti TVM idadzatsegulidwa mu 1999. Amene adatikumbukira ndi akatswiri okopera a ku Taiwan ndi ku China. Iwowa adatenga makinawo n'kuwaveka mayina aulemu monga Terminator ndi PolyStation. Yomalizayi ili ndi chivindikiro chofanana ndi cha PlayStation, koma mukatsegula simupeza poika CD, mupeza kukamwa kodikira kaseti. Ku South Africa makinawa adatchuka ndi dzina la Golden China, ndipo njira ya ku Joni anthu a boma la Nkhata Bay adaiponda kalekale. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Zidzukulu za mbadwo umenewo zikutumizabe katundu kudzera kwa matransipota, ndipo pansi pa chikwama, kunsi kwa mabulangete ndi mapoto, mumapezeka gemu imene mwana wa bwana adatopa nayo. Ina imalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania n'kupumira pa msika wa Taifa ku Mzuzu. Ikamafika pa Kande imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense wasiyapo chake: wina dzina lokanda ndi msomali, wina selotepi.

Kuisaka kwake nakonso ndi sukulu. Pa chiguduli palibe magetsi oyesera, ndipo mukafunsa ngati ikugwira ntchito yankho ndi limodzi: "Ada, iyi ndi orijino, yangofika kumene." Mlenje wozindikira saonetsa mano. Amayamba wafunsa mtengo wa tochi, n'kugwiragwira chaja, n'kuyasamula, kenako n'kuloza kasetiyo ndi chibwano: "Nanga kachidole aka simundiikira banyira?" Akangomwetulira msanga, mtengo wakwera. Amaigwedeza pafupi ndi khutu, chifukwa ikalira tseketseke ndiye kuti m'kati mwathyoka kanthu kapena mwalowa mchenga wa kugombe. Amayang'ana timano take tamkuwa ngati sitidabiriwire, poti chinyezi cha kuno sichisiya chitsulo. Msoko ukakhala wotseguka amasuzumira m'kati. Zenizeni za ku Japan kawirikawiri zimakhala ndi timachipi toyalidwa mwadongosolo, pamene yathuyi ili ndi kadontho kamodzi kakuda bii, ndipo magemu mamiliyoni onse aja akhala momwemo mopanda kudandaula. Kudzichepetsa kotani kumeneku!

Mukafika nayo kunyumba, maphunziro a kuleza mtima amayamba. Mukaiika, TV imaonetsa mizere ndi timabokosi tosamveka. Muitulutse, muiuzire, muibwezere. Odziwa za makina amati kuuzirako sikuthandiza, kumangothira malovu pa mkuwa n'kuonjezera dzimbiri, ndipo chimene chimagwira ntchito n'kutulutsa ndi kubwezera kuja. Asiyeni alankhule, mwambo ndi mwambo, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Imalembanso ntchito banja lonse. Wina agwire waya wa adaputa mopendeka osasuntha, wina apanikize kaseti ndi kachidutswa ka katoni, wamng'ono apatsidwe padi yosalumikiza kuti asalire. Ilibe tsankho. Magetsi akathima, kapena batire la sola likafooka Mario ali pakhomo pa chinjoka chomaliza, siisunga kanthu: mwana wa mfumu ndi mwana wa msodzi onse amayambira poyamba penipeni.

Siitaya okalamba anzake. Mfuti ya Duck Hunt mukaikoka, TV imada kwa kamphindi kosagwirika ndi maso, pamene pali bakha n'kuwala kabokosi koyera, ndipo diso la m'mfuti likaona kuwalako ndiye kuti mwalasa. Ma TV atsopano opyapyalawa amachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, choncho mfuti imangophonya, galu wa m'gemumo n'kumakusekani. Amene wagula kaseti amakakamizika kukafukula TV yakale yachimsana ija m'chipinda chosungira chilimira, kuthamangitsa mphemvu, n'kupita nayo kwa wokonza mawailesi, amene naye tsiku limenelo adya nyama.

Anzathu a ku America amasakanso magemu akale, koma zawo n'zomvetsa chisoni. Mu July 2021 Super Mario 64 yosatsegula idagulidwa pa okushoni ndi madola 1.56 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira Super Mario Bros. ina idapita pa madola 2 miliyoni. Makaseti amenewo adatsekeredwa m'mabokosi a pulasitiki, ndipo mwini akangoyerekeza kutsegula, chuma chasungunuka. Munthu kulipira ndalama zomangira sukulu zingapo kuti gemu isaseweredwe! Dziko lomwelo mu 1983 lidakwirira makaseti a Atari osagulidwa pa dzala la ku Alamogordo, ku New Mexico, n'kudzawafukula mu 2014 n'kuyamba kuwagulitsa okhala ndi dothi lomwe. Akadatumiza kuno, akadatha onse osaona dzenje.

Nkhawa yanga ndi alendo ogona ku Kande Beach. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzadutsa pamsika, adzaiona, adzafuula ndi chimwemwe n'kulipira osanenerera. Kuyambira pamenepo wogulitsa azidzaipukuta ndi malaya n'kuiika m'jumbo yakeyake, ndipo inu mukafunsa azidzakutchulirani mtengo wa m'madola. Choncho amene mwawerenga izi, chonde musamasulire mzungu aliyense.