Khala pansi kaye, iwe wa makilomita 21

Zimitsa foniyo, ukhale apa. Pampando ayi, pamkekapo, chifukwa wabwerera mlandu. Woweruza ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo odandaula ndi miyendo yakoyo, imene yandituma ine poti ilibe pakamwa.

Amayi ako andiuza kuti walembetsa mpikisano wa makilomita 21, umene anzako akuutcha half marathon, wonga uja wa Be More umene a Standard Bank amachititsa ku Lilongwe. Ndinasangalala, ndinati mtundu wathu watulutsa munthu wothamanga popanda galu womupirikitsa. Kenaka anandionetsa zimene walemba pa WhatsApp, zakuti ukamaliza mu ola limodzi ndi mphindi 30. Ndinavula magalasi, n'kupukuta, n'kuvalanso. Zinali zomwezo.

Tandiuza, achimwene, mtunda wautali umene unathamangapo ndi uti? Makilomita 10. Unatenga nthawi yaitali bwanji? Ola lathunthu. Ndiye kuti kilomita iliyonse inkakudyera mphindi 6, ndipo tsiku limenelo unafika pano uli wefuwefu, n'kumwa thobwa lonse limene agogo ako aakazi anasungira alendo. Tsono kuti munthu amalize makilomita 21 mu ola ndi theka, kilomita iliyonse ayenera kuidula pa mphindi 4 ndi masekondi 16, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, osapumira. Iwe liwiro limenelo unaliona kuti? Mwina tsiku lija unkathamangira minibasi imene inanyamuka ndi chikwama chako, koma nayonso inachita kukuimira.

Ana inu masamu munaphunzira, koma mumawasiya m'kalasi ngati dasitala. Mtundawo si 21 chabe, pali mamita 97 ndi theka apamwamba, ndipo udzawadziwa bwino mamita amenewo, lililonse ndi dzina lake. Ukanakhala pa bwalo la Bingu, pomwe kuzungulira kamodzi ndi mamita 400, ukanazungulira ka 52 n'kutsalabe ndi ngongole.

Ndikudziwa chakusokoneza. Umaonera pafoni anyamata a ku Uganda ndi Kenya akuuluka, ukati nanenso ndili ndi miyendo iwiri. Jacob Kiplimo wa ku Uganda anathamanga mtunda umenewu ku Lisbon mu 2021 pa mphindi 57 ndi masekondi 31. Chaka chomwecho ku Valencia, mtsikana wa ku Ethiopia, Letesenbet Gidey, anaumaliza pa ola limodzi, mphindi 2 ndi masekondi 52. Pa nthawi imene iye akupukuta thukuta, iwe ungakhale uli pa kilomita 10 ukufunsa kuti madzi agawira pati. Anthu amenewa kuthamanga ndiye khasu lawo, amadzukira komweko chaka ndi chaka. Ngakhale Eliud Kipchoge, pamene anathamanga makilomita 42 osakwanitsa maola awiri ku Vienna mu 2019, sanadalire mtima wake kuti umuuze liwiro. Kutsogolo kwake kunali galimoto yowalitsa mzere pamsewu, ndi gulu la anzake osinthanasinthana, onse ntchito yawo imodzi: kumusunga pa mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita, osapitirira, osatsalira. Katswiri wa dziko lonse anafuna abusa omuweta, koma mdzukulu wanga akuti adzangomva m'thupi.

M'thupimo ndimo muli wabodza wamkulu. M'mawa wa mpikisano kumakhala kozizira, nyimbo zili pokopoko, anthu ali piringupiringu, atsikana akujambula. Wagona bwino, wapumula masiku angapo, miyendo ikupepuka ngati ya gwape. Likhweru likangolira, khamu lonse limatuluka ngati mbuzi zimene zagona m'khola masiku awiri, ndipo iwe umati lero ndiye tsiku langa. Makilomita atatu oyambawo umathamanga ndi mphamvu zobwereka kwa katapila. Iye sakana, amangomwetulira. Amadzakupeza pa kilomita 15 kapena 16, ndipo chiwongoladzanja chake sichikambika: akatumba amauma gwa, mpweya umathera pakhosi, ndipo gogo wina wa imvi amene unamudutsa monyada pa kilomita yachiwiri amakudutsa pang'onopang'ono n'kukufunsa kuti, "Mwatani, bambo?"

Usandiyang'ane choncho. Inde, zinandichitikira. Ndili mnyamata kusukulu kwathu kunali mpikisano wodutsa m'minda ndi m'madambo, ndipo ine ndinatsogola kuchokera poyambira mpaka pa mlatho woyamba. Anthu anaimba dzina langa. Amene anapambana anali kamnyamata kena kowonda kamene tinkakaseka kuti kamathamanga ngati kakupita kuchigayo. Ine anandipeza madzulo ndili gone pansi pa mtengo wa mango, n'kundinyamula pa njinga ya aphunzitsi. Agogo ako aakazi analipo tsiku limenelo, n'chifukwa chake mpaka lero ndikati ndiyankhule za unyamata wanga amatsokomola.

Tsono tenga cholembera. Foni ayi, ndati cholembera.

Kunali injiniya wina wa ku America, Pete Riegel, amene anapeza masamu oyerekezera nthawi ya mtunda wautali kuchokera pa waufupi. Kwa iwe akutanthauza izi: tenga nthawi yako ya makilomita 10, uichulukitse ka 2.2. Mphindi 60 zako zikupereka 132, omwe ndi maola awiri ndi mphindi 12, kapena mphindi 6 ndi masekondi 15 pa kilomita. Waona kuti wachedwerapo poyerekeza ndi liwiro lako la makilomita 10? Ndi mmene ziyenera kukhalira. Wolima ndime yaikulu sagwetsa khasu ngati wa ganyu ya mizere isanu. Ndiponso masamu amenewo amakomera munthu amene wakonzekera, amene Loweruka lililonse wakhala akuwonjezera mtunda pang'ono mpaka kufika makilomita 16 kapena 18. Ngati sunatero, kapena dzuwa latentha, kapena njira ili ndi zitunda, wonjezera mphindi zingapo ndipo usachite manyazi.

Makilomita atatu oyamba uthamange pa mphindi 6 ndi theka. Udzaona ngati ukuyenda pa maliro, ndipo anthu onenepa kuposa iwe adzakudutsa. Asiye, mukakumana kutsogolo. Kuchokera apo ukhazikike pa mphindi 6 ndi masekondi 20. Ulembe pamkono kuti pa kilomita 5 wotchi izinena mphindi 32, pa kilomita 10 ola limodzi ndi mphindi 4, pa kilomita 15 ola limodzi ndi mphindi 35 kapena 36. Ukafika msanga kuposa apo usasangalale, wayamba kale kukongola. Wotchi ikafa, yesa kulonjera mnzako wa pambali ndi kumufunsa za kunyumba. Mawu akamatuluka odukaduka mpikisano usanafike pakati, bweza moto. Pa chitunda usalimbane ndi wotchi, fupikitsa mapazi, nthawiyo ukaipeza potsetsereka. Ukadutsa kilomita 16 uli ndi mphamvu, pamenepo ndiye ndakumasula, uthamange ngati wamva kuti kwathu kwapsa nkhumba.

Nsapato zatsopano zija ndaziona pakhomo zili ndi pepala la mtengo. Uyambe kuzivala mawa, kapena usadzazivale konse tsikulo, chifukwa matuza sadziwa kuti unagula zingati. Udye phala kapena nthochi zimene mimba yako ikuzidziwa, maola awiri likhweru lisanalire, ndipo pomwe akugawa madzi umwe pang'ono, osati kumwa ngati ng'ombe ya pangolo.

Bwalo lagamula motere. Uthenga uja uufufute lero, ulembe maola awiri ndi mphindi 15. Chindapusa chako ndi paketi ya shuga, yolowa m'malo mwa thobwa lija. Tsiku la mpikisano ine ndidzakhala pa kilomita 17 ndi kampando kanga, ndipo ndikadzakuona ukuyenda manja ali m'chiuno ndidzafuula dzina lako lapaubwana, lija sulifuna, anthu onse akumva.

Dzuka tsopano ukagule shugayo kwa aChisale. Upite choyenda.