Kalumo ka mlendo kandimeta chafufumimba

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine mwambi umenewu ndinkauyesa wa pabwalo la milandu basi: nkhani yavuta, nkhoswe zauma kukhosi, kenaka munthu wodutsa amene amangopempha madzi akumwa aponyapo mawu awiri, mlandu n'kutha. Sindinkadziwa kuti tsiku lina kalumoko kadzandipeza nditagona chafufumimba, nditangofunda kathawulo, nkhope ili m'chibowo cha bedi ngati mbewa yosuzumira kuuna.

Gwero la zonsezi ndi msana. Kumunsi kuno kwa mapiri a Dedza msana sukalamba ndi zaka, umakalamba ndi ulendo. Tsikani Khwekhwerere pa minibasi yodzaza, m'makona aja momwe munthu umapendekera uku ndi uku ngati mtanga wa tomato. Mukafika pa Golomoti kwerani kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Mtakataka, mutakumbatira thumba la chimanga. Chitani zimenezi zaka zingapo. Mudzaona kuti podzuka pampando pakamwa payamba kutuluka "mayo" mwini wake musanalamule.

"Mayo" ameneyu ndi amene anamumva mwana wa mchemwali wanga, yemwe amagwira ntchito ku Lilongwe, atabwera kudzationa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Amalume, inu mukufunika masaji."

Ndinamuyankha kuti soseji ndimadya ndithu, koma sindinamvepo kuti imachiza msana. Anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo Loweruka lake anandikweza m'kagalimoto kake ulendo wa kunyanja, ku malo ena ogona alendo komwe ati kuli spa. M'njira anandiphunzitsa kuti dzinali ndi la tauni ina ku Belgium, yotchedwa Spa, komwe anthu akhala akupita kuyambira kalekale kukasamba ndi kumwa madzi a pa akasupe pofuna kuchira. Ndinangoti chabwino. Ifenso timasamba, koma palibe anatchukapo nazo.

Chinayamba kundidabwitsa n'chakuti aliyense kumeneko amayankhula monong'ona. Ndinafunsa ngati pachitika zovuta. Ayi, ati ndi mwambo wake. Anandipatsa kapu ya tiyi wopanda shuga, wopanda mkaka, wopandanso masamba a tiyi. Nditanunkhiza ndinauzindikira: udzu wonunkhira mandimu uja umene umamera kuseri kwa bafa kwathu, umene mbuzi zomwe zimaulambalala. Kenaka anabweretsa pepala loti ndisankhe. Ndinaloza pomwe panalembedwa Swedish, chifukwa ndi dzina limene limamveka lochokera kutali kwambiri. Ngati tikufuna kalumo ka mlendo, abwere mlendo weniweni, osati wa pa Salima pompa. Ati kasisitidwe kameneka amakalumikiza ndi dzina la Per Henrik Ling, amene anatsegula sukulu ya zolimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813. Tangoganizani, nthawi imeneyo Angoni asanawoloke n'komwe Zambezi.

Mtsikana wina waulemu wake anandilowetsa m'kachipinda ka makandulo masanasana, nati, "Bambo, muvule, mugone apo."

Munthu womaliza kundiuza mawu amenewa anali namwino atagwira jakisoni. Komanso ine ndi wamkulu, ndili ndi apongozi ndi zidzukulu. Kuvula pamaso pa mwana wa eni ake, mudzi ukamva ndidzalowera kuti? Ndinapempha mwaulemu kuti ngati alipo mwamuna abwere iyeyo. Anabweradi mnyamata wa manja ngati woumba njerwa. Asanandikhudze anandifunsa za BP, za mabala, za mankhwala amene ndikumwa, ndiponso ngati ululu umatsikira kumwendo n'kuchititsa dzanzi. Anati zikafika pamenepo, kapena mwendo ukatupa ndi kutentha, munthu asathamangire kotikitidwa, apite kuchipatala. Apa ndinamupatsa ulemu. Sing'anga amene amadziwa matenda osakhala ake ndi wosowa.

Anathira mafuta kumsana n'kuyamba ntchito. Fungo lake silinali lachilendo, choncho ndinafunsa kudzera m'chibowo chija kuti ndi mafuta anji.

"A malambe, bambo."

Malambe! Omwewa ana amagenda m'mbali mwa msewu wa M5, omwewa amayi amagulitsa pamulu, omwewa timamung'unya n'kulavula nthanga zake pansi. Nthanga zomwe timalavulazo ndiye amafinya, mafuta ake n'kuthira m'kabotolo kokhala ndi chizindikiro cha golide. Chichokereni 2008, pomwe mayiko a ku Ulaya analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya, mlambe wakwera udindo. Ife eni ake tikanalavulabe.

Nditagona pamenepo ndinayamba kuwerenga zimene zinali papepala lija, chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chimandiyang'ana ndi nkhope ya agogo anga. Miyala yotentha imene mnyamatayo anandisanjika kumsana, si kuthowa kumeneku? Agogo ankaviika kansanza m'madzi otentha, n'kumasindikiza pamene patupa, mayi wochira kumene ankamuthowa masiku angapo mpaka thupi kubwerera. Kachipinda ka nthunzi komwe azungu awiri amatulukamo ali psuu ngati nyama yowamba, ife timati kufukiza: mphika wa masamba a bulugamu, bulangete kumutu, thukuta kamukamu. Mu 2021, Covid-19 atavuta, mitengo ya bulugamu inatsala pang'ono kuyenda maliseche. Kukhula thupi ndi mchere wosakaniza mafuta, ife tinali ndi mwala wa kumtsinje, ndipo zikang'a za ana a ku Mua zinkathera pa Nadzipokwe popanda risiti. Mafuta odzola anali a nsatsi. Ndipo msana ukavuta madzulo, agogo aamuna ankagona pamphasa n'kuitana kamdzukulu kopepuka kuti kawaponde, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa. Ine ndinagwirapo ntchito imeneyo zaka zitatu. Malipiro anali chimanga chokazinga ndi nthano imodzi.

Ndiye kalumo kaja nditakayang'anitsitsa ndinapeza kuti mpini wake ndi wathu. Mlendo anangokanola, n'kukakulunga m'thawulo loyera.

Komatu kwa ife a dera lino zimenezi si zachilendo. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene tinawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni, ndipo lero mu nyumba ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao yosanjidwa bwino kuposa momwe ambirife tingaifotokozere ana athu. Gule wamkulu amene ena ankamunyoza kuti ngwachikunja, UNESCO itamulemekeza mu 2005 anthu omwewo anayamba kunena kuti "chikhalidwe chathu". Ngakhale dzuwa la pa Golomoti, limene latiwotcha ulele chibadwire, linadikira kampani ya JCM kuti idzayale magalasi ake, ndipo kuyambira 2022 likupereka magetsi okwana mamegawati 20. Ife tinkangolithawira pansi pa mtengo.

Koma ndisamunamizire mlendo. Kalumo kake kali ndi pomwe kathweradi, ndipo ndinapapeza. Si mafuta, si miyala. Ndi chete. Foni yanga anaiika m'kadengu pakhomo, ndipo kwa ola lathunthu palibe anandipempha kanthu. Kuthowa kwa agogo kunkabwera ndi ulaliki: unakwereranji mumtengo, ana a masiku ano simumva. Ukalira ankati chikapweteka ndiye kuti chikupola, n'kuwonjezera moto. Mayi a kunyumba akati akutikite, dzanja limodzi limakhala pamsana, pakamwa pali bajeti: fizi ya mwana, feteleza, denga likudontha, chopereka cha kumphakati. Umadzuka msana utapepuka, mutu utalemera. Mnyamata uja ankangofunsa kuti, "Zikupweteka, bambo? Ndichepetse?" Pa moyo wanga wonse palibe munthu anandifunsapo ngati achepetse chilichonse. Ndinagona tulo. Mwana wa mchemwali wanga akuti mkonono wanga umamveka mpaka polandirira alendo, kuposa kanyimbo ka madzi oyenderera kamene amaika pa sipika, nyanja yeniyeni ili panja pomwepo.

Potuluka m'pamene ndinakumbukira kuti ntchito ya kalumo ndi kumeta. Analipira ndi mwanayo, koma ndinasuzumira pa risiti. Inali mbuzi. Osati mbuzi ya chikwati, koma kambuzi kooneka bwino ndithu pa msika wa Golomoti. Msana umene unali utawongoka unapindikanso pang'ono pomwepo, ndipo wotsalawo unabwerera m'malo mwake tikudumpha maenje pobwerera.

Kunyumba ndinapeza mayi atangofika kuchokera kumunda. Iwowa amalima mpunga ku sikimu ya Bwanje, ija ya mahekitala 800 yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo nthawi yowokera amawerama m'matope kuchokera m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera mtolo wa nkhuni pamutu. Anandinunkhiza, anandiyang'ana kunyezimira kwa m'khosi, n'kumvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Ndiye abambo a Chikondi, mbuzi yathunthu yapita kuti mwana wa eni ake akuthoweni?"

Ndinati ndi Swedish.

"Mukanandipatsa mwendo umodzi wa mbuziyo, ndikanakuthowani mpaka Khirisimasi. Nanga wanga msanawu ngwa chitsulo?"

Funso limeneli linalibe yankho pa pepala lija. Usiku womwewo ndinatenthetsa madzi, ndinapempha mafuta a nsatsi kwa anansi, n'kuyesa kukumbukira momwe mnyamata uja amayendetsera manja. Ndinafunsanso monong'ona ngati ndichepetse. Anati manja anga ali ngati mpini wa khasu, ndipo kunong'onako ndisiye chifukwa ndikuwaopsa. Koma sipanathe mphindi khumi, anali atagona. Bajeti sinawerengedwe tsiku limenelo.

Vuto latsala ndi wanga msana. Mbuzi ina ndilibe. Ndinayesa kuitana mdzukulu wanga kuti andiponde monga ndinkachitira ine, koma anandiyang'ana pamwamba pa foni n'kunena kuti mtengo wake ndi bandulo ya intaneti ya sabata yonse, ndipo ndilipiriretu. Choncho inu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amene muli ndi kamdzukulu kopepuka, kosapitirira zaka 6, kamene sikanaidziwe foni, ndibwerekeniko Loweruka likubwerali. Mphasa ilipo, chimanga chokazinga ndakonza kale.