Mlandu Wanga ndi Mvuu za mu Shire

Chiyambire mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ife anthu wamba tili m'tulo, palibe chinthu pansi pa thambo chimene sichinakwere mtengo, kuyambira mchere wa pamsika kufikira mpando wa m'minibasi, umene munthu amaulipira wathunthu ngakhale aukhalire ndi tako limodzi. Zonsezi ndinazipirira monga Mkhristu. Koma chimene chandiwawa mtima n'chakuti nayo mvuu, nyama yosalima, yosagula feteleza, yosagona pamzere wa petulo, yakwera mtengo pamodzi ndi sopo.

Ndinazindikira izi chifukwa akuluakulu a zokopa alendo akhala akutichonderera pa wailesi kuti ife eni dziko tiziyamba ndife kuona zokongola za kwathu. Ndipo ine, pokhala munthu womvera boma kuyambira ubwana wanga, ndinavala jekete langa la paukwati, ndi kubwereka chipewa chotambalala kwa mlamu wanga kuti ndioneke ngati mlendo weniweni, ndi kutenga akunyumba kupita nawo ku Liwonde. Iwo ankayesa kuti tikukapuma. Ine mumtima ndinali ndi chifukwa china, pakuti ndinabadwira m'mbali mwa Shire yemweyo, ndipo m'masiku a Kamuzu, ine ndikali kuvala kabudula wong'ambika, mvuu inatuluka m'madzi usiku, nilowa m'dimba la mayi anga, nidya chimanga chonse chimene chinali chitangomasula, nigonera pa maungu, nibwerera kwawo osatsazika. Mayi sanalandire ngakhale tambala. Akulu anati mlandu suola, chotero ulendowu unali wokaonana ndi wangongole.

Titafika pa dooko, mwini bwato anandilandira mwaulemu waukulu, nati, "Takulandirani, achikulire," nandionetsa pepala la mitengo, ndipo taonani, mitengoyo inali m'madola. Anandisandutsira m'makwacha pa foni yake, nandichotserako ndithu pang'ono poti ndine mwana wa m'dziko muno, koma chotsalacho chinali chokwanira kugula thumba la chimanga ndi kutsalako ya kuchigayo. Ndinakumbukira David Livingstone, amene m'chaka cha 1859 anakwera mtsinje womwewu ndi sitima yake ya Ma Robert kuchokera ku Zambezi, nalephera kupitirira pa mathithi a Kapichira. Iyeyo anaimitsidwa ndi miyala, ine ndi pepala. Ndinati tibwerere. Koma akunyumba anandiyang'ana ndi diso limene amuna onse okwatira alidziwa, nati, "Abambo, mwandivalitsa chitenje chatsopano kuti ndidzaone pepala?" Ndinalipira. Chotero chimanga chimene mvuu zandidyera chinafika pa dimba limodzi ndi thumba limodzi.

Sindinganame, Shire ndi mtsinje wokongola, ndipo munthu amene anakulira m'mbali mwake ndiye womaliza kuzindikira zimenezi, pakuti kwa iye mtsinje ndi malo ochapira ndi othamangitsirako ng'ombe. Madzi amene atuluka m'nyanja ku Mangochi, napumula pang'ono m'nyanja ya Malombe, amayenda pano mwaufumu pakati pa migwalangwa ndi milambe, nkhwazi zikulira pamwamba, asanafike pa chitseko cha Kamuzu Barrage chimene chinamangidwa mu 1965, ndi kutsikira ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira kukapanga magetsi amene timawaona mwa apo ndi apo. Mnyamata wotitsogolera ankadziwa dzina la mbalame iliyonse m'Chingerezi, ndipo azungu awiri amene tinali nawo ankalemba m'kabuku. Ine ndinkazidziwa mbalame zomwezo mwa kukoma kwake, koma ndinaona kuti si nzeru kutero pamaso pa alendo.

Pamenepo tinafika kwa angongole anga. Anali ambiri, misana yawo ili yandayanda pamadzi ngati miphika yovundikira pa thandala, makutu okha ali petupetu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonetsa manyazi. Ndinafunsa mnyamatayo kuti mvuu imakhala zaka zingati, nati imatha kufika makumi anayi, mwinanso kupitirira. Mtima wanga unadumpha, pakuti kunali kotheka kuti wolakwayo akali moyo, wokalamba monga ine, akudwala nyamakazi monga ine. Ndipo ngati anatsikira kuli chete, mwambo wa kuno ngodziwika, kuti mlandu wa malume umagwera mphwake, chotero panalibe mvuu pa dziwe limenelo yoti n'kunena kuti nkhaniyi siikuikhudza. Mnyamatayo anatinso mvuu imodzi imadya udzu wokwana makilogalamu 40 usiku umodzi. Ndinatulutsa cholembera ndi kuyamba kuwerengera pa chikhatho, ndi chiwongoladzanja chomwe, ndipo pofika pa chigongono ndinapeza kuti banja lathu ndi lolemera koposa m'boma lonse la Machinga, kungoti chuma chathu chili m'madzi.

Ndinaimirira kuti ndiyambe mlandu monga mwa mwambo, ndi kuwomba m'manja, ndi kunena kuti, "Zikomo, eni dziwe." Yaikulu mwa izo inayasamula, kukamwa konse kuli yasa, mano onga zikhomo ali poyera, ndipo ine ndinati mwina ikuvomera mlandu. Mnyamata uja anati, "Khalani pansi, achikulire, imeneyo ikatero ndiye kuti yakwiya." Ndinakhala pansi msanga kuposa mmene ndinaimirira, ndipo chipewa cha mlamu wanga chinagwera m'madzi, nichiyamba ulendo wa ku Nsanje. Abusa ena amati chilombo chachikulu chotchulidwa kumapeto kwa buku la Yobu ndi mvuu. Ngati n'zoona, ndamvetsa chifukwa chake Yobu, munthu wodziwa kudandaula, anangoti chete atamva za icho. Mvuuyo inamira. Akuti imatha kukhala pansi pa madzi mphindi zisanu osapuma, ndipo ndikuuzani inu amene munakongozapo munthu ndalama kuti luso limeneli ndi la angongole onse.

Ndinamvanso kuti chiyambire 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde, nyama zachuluka, mikango yabwezedwamo, mpanda wamangidwa, ndipo njovu zinaswana kufikira kuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndi zina zoposa 250 ku Kasungu mu 2022. Ntchito imeneyi njotamandika. Koma ndinachita mantha kuti tsiku lina adzasamutsa ndi mvuu zomwe, wangongole wanga nakwera lole ya ulere kupita ku chigawo chapakati osasiya keyala.

Madzulo anatikonzera gule wa beni, amene Ayao amavina potsanzira perete wa asilikali, ndipo anyamata anavina bwino kwambiri, mapewa ali njenjenje. Malume anga ankavina gule yemweyu kwaulere mpaka tambala kulira, ife tikuwaseka. Pano ndinaponya ndalama m'mbale, ndipo akunyumba anandiuza kuti ndinawomba m'manja mochedwa ngati mzungu.

Koma pali chimene ndinaona pobwerera, kunsi kwa malire a nkhalango, chimene sichinandiseketse. Mayi wina anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, mwana kumsana, akutunga m'ndowa, pamtunda wosakwana kuponya mwala kuchokera pamene tinali titangojambula ng'ona ikuwothera dzuwa. Azungu aja anamujambula nayenso. Mayi ameneyo sakhala pamenepo chifukwa chokonda zachilengedwe, ndipo ng'ona amazidziwa kuposa tonse tinali m'bwatomo; ali pamenepo chifukwa kumudzi kwake mjigo kulibe, kapena ulipo koma unafa kalekale. Mtsinje umene umaunikira Blantyre ndi Lilongwe, umene umabweretsa madola a alendo, ukali kudya anthu a m'mbali mwake chifukwa cha ndowa imodzi ya madzi, ndipo ife timangomva pa wailesi ndi kunena kuti zachisoni. Ng'ona ilibe mlandu, pakuti inalengedwa yotero. Mlandu uli ndi iwo amene amabwera ndi magalimoto nthawi ya kampeni, nalonjeza mijigo, namira zaka zisanu osapuma.

Chotero ndalingalira, ndipo ndauza kale akunyumba ndi mlamu wanga, amene akufunabe chipewa chake, kuti dimba la mayi anga, maungu, thumba la chimanga ndi chiwongoladzanja chonse ndidzazikhululukira mvuu pamaso pa mboni tsiku limene mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Shire udzakhala ndi mjigo wotulutsa madzi. Inu aphungu a ku Mangochi, Machinga, Balaka, Chikwawa ndi Nsanje, kumbani mijigoyo, ndipo yakufayo muikonze mvula isanagwe.