Keke ya Nsanjika Zisanu

Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adanena izi asanaone holo ya COMESA ku Blantyre Loweruka masana, itavekedwa nsalu kuchokera kudenga mpaka pansi, komabe zili ngati ankadziwa kuti tsiku lina kudzabwera anthu otchedwa "a deko."

Nkhani imayambira pa WhatsApp. Ankhoswe akangomaliza mbali yawo, gulu la komiti limatsegulidwa, ndipo mkwatibwi amaponyamo chithunzi chomwe watola pa Pinterest: khoma lathunthu la marozi, makandulo, nsalu zolendewera ngati mathithi a paphiri la Zomba. M'munsi mwake amalemba mitundu ya tsikulo, dusty pink ndi burgundy. Azakhali a ku Ntcheu, omwe adawaika m'gulumo pongowalemekeza, amaitana mwana kuti awamasulire. Akamva kuti woyambawo ndi pinki wooneka ngati wagwera m'dothi, amagwira pakamwa: "Fumbi lonse lili pabwalo panoli, inu mpaka kukaligula?"

Marozi enieni ndi alendo ovuta. Amafuna malo ozizirirako, n'chifukwa chake minda yake ikuluikulu ili m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, komwe akangowadula amawaika pozizira n'kuwakweza ndege ya ku Ulaya. Duwa lozolowera moyo wotere likakumana ndi dzuwa la Okutobala pansi pa tenti ku Salima, pofika nthawi ya pelekanipelekani limakhala litazolika ngati mkwati amene wangouzidwa mtengo wa nkhuku. Kuonjezera apo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholowa pachipata cha dziko chidayamba kudzimva. Komiti ikamva mtengo, imagwirizana mwachangu kuti fungo la maluwa silioneka pachithunzi.

Apa m'pamene duwa la pulasitiki limalowa m'bwalo. Ili silifota, silipempha madzi, ndipo laona maukwati ambiri kuposa abusa. Loweruka lino lili ku Area 25, linalo ku Chilomoni. Pakati pa sabata amalisambitsa m'beseni la thovu n'kuliyanika pachingwe. Ukaliona uli pakhomo la holo umachita kuusa moyo. Ukasendera pafupi umaona waya, kadontho ka guluu, mwinanso kangaude yemwe wayenda nalo kuchokera ku ukwati wa mwezi watha.

Mipando nayo ili ndi chinsinsi chake. Pansi pa nsalu yoyera ndi lamba wonyezimira pali mpando wa pulasitiki womwe dzana udali pamaliro, mwendo umodzi womanga ndi waya. Koma mfumu ya mikuyu yonse ndi keke. Imaima nsanjika zisanu, yoti munthu n'kuivulira chipewa, pomwe yodyedwa ndi imodzi yokha. Zinazo ndi zoyera zopepuka zija zimatuluka m'katoni ya firiji yatsopano, azipaka shuga pamwamba. Ndiye chifukwa chake wophika keke amaima chapafupi akwati akagwira mpeni, maso ali tong'o, chala chikuloza pomwe ayenera kudula.

Nyerere zoluma zenizeni sizikhala m'holo. Zimakhala m'kabuku ka banki mkhonde, zina kwa akatapila, ndipo onse chiyembekezo chawo chili m'lichero la pelekanipelekani. Tsoka lake, ngakhale Reserve Bank idatulutsa K5,000 mu 2022, oitanidwa amayamba adutsa patebulo la osintha ndalama, kuiphwanya kuti ikwane nyimbo zitatu. Munthu amavina mpaka thukuta kamukamu, ndalama zikuuluka, ena akuziponda (zomwe akubanki akhala akudandaula), koma powerenga usiku mulu wonsewo umapezeka kuti sukufika pa zotsala za a deko. Mayi wa deko amakhala ali pakhomo, lole yake ikulira.

Chonsecho mkuyu weniweniwo amaunamizira. Odziwa za zomera amati maluwa a mtengowu ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, timaluwa tambirimbiri tobisika, ndipo kachilombo konga mavu kamalowa pakabowo ka kunsonga kukatipatsa mungu. N'chifukwa chake palibe adaonapo mkuyu utachita maluwa panthambi. Mtengowu sukongola ndalama kuti uoneke. Umabisa maluwa pamodzi ndi nyerere. Akwati a masiku ano adangosintha pang'ono: maluwa panja, nyerere kunyumba.

Komanso si kuti dziko lino lilibe maluwa. Mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe maukwati amachita kupanikizana, jakaranda amayala kapeti yapepo m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe popanda kufunsa dipoziti, ndipo boganivila amasefukira pamipanda. Ngakhale Mfumukazi Victoria, yemwe adatchukitsa diresi loyera pa ukwati wake mu 1840, kumutu adavala nkhata ya maluwa a malalanje, mtengo womwe anthu a ku Mwanza amangoupitirira popita kudimba. Koma yesani kunena zimenezi pamsonkhano wa komiti, adzakuikani ku gawo lotsuka mbale.

Inu amene mukukwatitsa chaka chino, musanalipire dipoziti funsani bwinobwino kuti pa nsanjika zisanuzo mpeni ulowa pati. Mlembi wa komiti alembe yankholo.