Tcheyamani wa Mayikolofoni Yozima

Ndisaname, chimene chinandiyambitsa kalabu ya achinyamata si chikondi cha ana ayi. Chinali chisankho cha komiti ya pamjigo. Ndinapikisana nawo pa utcheyamani n'kupeza mavoti awiri: langa ndi lina limene mayi a kunyumba mpaka lero amakana kuti linali lawo. Ndiye ndinati ndiyambitse gulu langalanga, kumene mpando suvoteredwa.

Loweruka loyamba kunabwera ana 43 pansi pa mtengo wa mango. Ndinawalalikira ola lathunthu za m'mera mpoyamba. Nditamaliza, mnyamata wina anaimika mkono. "Madala, nanga alawansi tisainira kuti?" Loweruka lotsatira kunabwera ana 9, ndipo atatu maso anali m'mwamba, kudikira mango kuti agwe.

Otsalawo ankafuna kiyibodi, masipika ndi amapiano. Ndinawauza kuti nyimbo sizilira ndalama. Allan Namoko anavinitsa dziko lonse ndi banjo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakafika ku Ulaya ndi gitala ndi chitoliro. A Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wa chingwe chimodzi, lero amakwera ndege ngati minibasi. "Pitani mukapeze chigubu cha mafuta ophikira, thabwa ndi mawaya," ndinalamula.

Ana amenewa ndi omvera. Pofika Lachitatu banjo inali itatheka, yolira mokoma. Ndinawayamikira kwambiri osafunsa kumene mawaya achokera. Yankho ndinalipeza Lachinayi pa chitsetse cha kumsika, nditagwira mabuleki a njinga yanga. Mayi wa tomato uja ndinamaliza kumulipira mwezi watha.

Zida zitakwana, panatsala woimba patsogolo. Monga tcheyamani, ndinadzipereka. Mayi a kunyumba anandikumbutsa kuti kukwaya ya kutchalitchi anandipatsa udindo wosunga mabuku. Ndinawayankha kuti a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anagwedeza TikTok ndi Linny Hoo atadutsa zaka 90, choncho nthawi yanga ikubwera. "Inde bambo," anatero akupeta mpunga, "koma a Chalamanda amaimba."

Tinakonza zoimbaimba m'holo ya pasukulu, pakhomo K500. Tinabwereka sipika kwa mkulu wina woimbitsa m'maukwati, ine n'kuisenza pamutu popeza njinga inali isanachire. Anabwera makolo, amfumu, ngakhalenso mayi wa tomato. Mtsikana wina wamanyazi, amene pa misonkhano sankayankhula, atatsegula pakamwa holo yonse inangoti zii, kenako nthungululu. Ine ndinali pambali pake, mayikolofoni m'manja, maso otsinzina, mitsempha ya m'khosi ili njo. Anthu anafupa mpaka mbale inadzaza. Potuluka amfumu anandigwira chanza: "Lero ndiye mwaimba bwino, sitinakumveni n'komwe kulakwitsa." Usiku umenewo sindinagone ndi chimwemwe.

Patapita sabata ndinabwereka kope la mlembi kuti ndione mmene ndalama zayendera. Patsamba lachitatu ndinapeza msonkhano umene ine sindinaitanidwe. Mfundo yoyamba: mayikolofoni ya a tcheyamani izichotsedwa mabatire. Mfundo yachiwiri: asauzidwe, angakhumudwe n'kutseka kalabu, ife n'kusowa kopita Loweruka. Onse anavomereza. Pansi pake panali dzina la mlendo wolemekezeka amene anapereka ganizolo, ndipo ndinalizindikira msanga chifukwa lilinso pa setifiketi yanga ya ukwati.

Ndinafuna kukwiya, koma mfundo yachiwiri ija inanditsamwa pakhosi. Ana 9 aja tsopano alipo 31, ndipo Loweruka masana sapezekanso pa bawo ya kuseri kwa malo omwera mowa.

Mwezi watha anaumirira kuti pakhale chisankho. Utcheyamani unapita kwa mtsikana wamanyazi uja. Ine anandisankha kukhala patironi, ntchito yake kusunga kiyi, kusenza sipika ndi kugula zitumbuwa. Mavoti 31, wotsutsa palibe. Chibadwire sindinapambanepo chonchi.

Mayikolofoni amandipatsabe Loweruka lililonse, mwaulemu, ndi manja awiri. Ndimailandira n'kuimba ndi mtima wonse. Mabatire ndinagula, ali m'thumba la jekete. Ndikungodikira zaka 90 zikwane.