Otilankhulira a ku Chichiri

Mkangano unayambira pa wailesi ya m'tiyirumu ina pa Mlangeni. Wowerenga nkhani za masana ananena kuti bungwe la amalonda ndi eni mafakitale la MCCCI lapempha boma kuti lichitepo kanthu pa kusowa kwa ndalama zakunja. Asanafike n'komwe pa nkhani yachiwiri, bambo wa golosale yoyandikana, amene amabwera kudzamwa tiyi atasiya mwana pakauntala, anaika kapu pansi.

"Mwamva? Amenewotu akutilankhulira ife amalonda."

Pakhonde panali mayi wina akusanja kachewere m'ndowa. Amayamba ndi timbatata ting'onoting'ono pansi, kenako zapakatikati, ndipo zikuluzikulu zosalala amaziunjika pamwamba mpaka mulu kupitirira mlomo wa ndowa, kuti wodutsa pa galimoto aone zokhazo. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ife ndani, alamu? Ine dzina langa analilemba liti?"

"Sizifunika kulembedwa zimenezo. Dola ikapezeka, sopo ndi mafuta ophikira zitsika, nanunso mupumako."

"Zitsika kumene mumapikulako. Nanga inuyo mudzatsitsa?"

Anyamata a kabaza amene anali pa benchi anaseka mpaka wina kutsamwa ndi sikono. Bambo wa golosale anasekanso, koma cham'mano.

Pa tiyirumu imeneyi sipasowa mkulu wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, wa jekete lolemera loyenera chisanu cha kuno, amene amawerenga nyuzipepala ya dzulo ngati ya lero. Onse amangomuti aphunzitsi. Mnyamata mmodzi wa kabaza anamufunsa kuti kodi MCCCI imeneyi ndi nthambi ya boma kapena ndi kampani.

"Si boma, si kampani," anayankha aphunzitsi. "Ndi bungwe la eni mabizinesi. Likulu lake lili ku Chichiri ku Blantyre, pabwalo lija pamachitikira chionetsero cha zamalonda chaka ndi chaka. Mbiri yake amaiwerengera kuchokera mu 1892. Agogo ako anali asanabadwe, ngakhale agogo awo mwina anali kuyamwa."

"Ndiye analiyambitsa ndani nthawi imeneyo?"

"Azungu a minda ya khofi ndi a masitolo. Amafuna kumalankhula ndi boma la atsamunda ndi mawu amodzi. Amalira njanji, njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Amaliranso anthu owagwirira ntchito m'minda mwawo. Anthu akewo ndiye anali makolo athu."

"Basi, ndamva," anatero mayi wa kachewere. "Kuyambira kale limalankhulira olipira."

Mayiyu sanalakwe kwenikweni, koma sananenenso zonse. Ntchito imene bungweli limagwira ndi yooneka. Mamembala amalipira ndalama ya umembala chaka chilichonse, ndipo ndalamayo imasunga ofesi ndi akatswiri a zachuma amene ntchito yawo n'kuwerenga malamulo amene ambirife timangowamvera pa wailesi atadutsa kale. Nduna ya zachuma ikamayendayenda kumva maganizo isanapereke bajeti ku Nyumba ya Malamulo, bungweli limapita ndi chikalata chonena msonkho womwe ukupha mafakitale ndi womwe ungasinthidwe. Limachitanso kafukufuku wofunsa eni mabizinesi chomwe chikuwalepheretsa kuyenda bwino, ndipo mayankho amene akhala akubwerezedwa ndi omwewo mungawamve pa khonde lililonse pa Mlangeni: magetsi, chiwongoladzanja cha ngongole za kubanki, ndalama zakunja. Wotumiza katundu kunja amakatengako chikalata chotsimikiza kuti katunduyo ndi wopangidwa m'Malawi. Izi si zachibwana. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini fakitale akati magetsi avuta, mawu ake amalowa mu lipoti lokhala ndi manambala n'kukafika pa tebulo la nduna. Mwini chigayo wa kuno akanena zomwezo, amawauza azimayi amene akhala pa mzere ndi matumba a chimanga kuyambira m'mawa.

Bambo wa golosale sanafune kugonja. Anakumbutsa anthu za November 2023, pamene kwacha inagwa mphamvu ndi K44 pa K100 iliyonse, chikhalirecho inali itagwanso ndi K25 pa K100 mu May 2022.

"Ine ndinagulitsa katundu yense pa mtengo wakale, ndalama ili m'manja, ndikusangalala. Kupita kokaoda, ndalama yomwe imadzaza mashelefu inangodzaza theka. Mpamba unathera m'manja ndikuuona. Ndiye wina akaima pa wailesi n'kunena kuti amalonda tikuvutika, ine ndimuombera m'manja, kaya avala suti kaya chiyani."

"Ombani," anatero mayi uja. "Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A kaunjika aja anadikira suti?"

Apa nkhani inatentha, chifukwa za a kaunjika aliyense amazikumbukira. Mu February 2025 mavenda ogulitsa zovala za kaunjika ku Lilongwe, mtengo wa belo utakwera mosaneneka, anatseka malonda n'kuyenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo. Sipanapite nthawi, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anachotsa a Sosten Gwengwe pa unduna wa zamalonda n'kuikapo a Vitumbiko Mumba. Mnyamata wa kabaza anati imeneyo ndiye njira yomwe akuluakulu amaimva, mapazi pa tala, osati mapepala. Aphunzitsi anapukusa mutu.

"Nduna inasintha, inde. Nanga dola inabwera ndi nduna yatsopanoyo? Kuguba kumachotsa munthu pampando. Kusintha lamulo kumafuna wina woti akhale pansi, awerenge ndime ndi ndime, abwerenso mawa, abwerenso mkuja, mpaka a ku unduna atope naye. Iwe ungasiye njinga yako masiku angati?"

Mnyamatayo anayang'ana njinga yake yamoto, yomwenso si yake, ndi ya bwana amene amafuna ndalama yake madzulo alionse, mafuta apezeke asapezeke. Sanayankhe.

Chimene chinandikhalitsa pa benchipo tiyi atatha kale ndi nkhani ya chiletso. Mu March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa m'dziko muno katundu wina amene timalima kapena kupanga tokha, ndipo pa mndandandapo panali kachewere, anyezi ndi adyo. Kwa munthu wa mu ofesi ku Lilongwe, lamulo lotere ndi losavuta kumva: tetezani mlimi wa kwathu, sungani dola. Koma kuno malire ndi Mozambique ali pamphuno. Pa Lizulu, kumpoto kwa kuno, msewu wa M1 womwewu ndiye malire ake, ndipo munthu akhoza kugula kabichi ku Malawi n'kukapempha chenje ku Mozambique. Mabanja ambiri ali ndi abale ku Angonia, ena minda yawo ili komweko.

Bambo wina amene anali chete nthawi yonseyi, wa mabuti a mphira odzaza matope a kudimba, ndiye anayamba.

"Chiletso chimenecho ine ndinachikonda. Ndikakumba mbatata yanga, fetereza nditagula modula, ndimapeza msika utadzaza kale ndi ya kutsidya. Ndigulitse bwanji?"

"Achimwene, musandiseketse," anatero mayi wa kachewere. "Munda wa apongozi anu uli mbali iti? Mbatata ya kumeneko ikafika pano mumaitcha ya kuti? Kachewere alibe pasipoti. Ine ndimagula amene wandipeza m'mawa, ndipo ya kutsidya ikasowa, mtengo wa thumba umakwera, wogula pa basi amangotseka windo."

"Ndiye mukufuna ine ndizilima mwaulere?"

"Ndikufuna ana anga adye, ngati anu."

Onsewa ndi amalonda, onsewa ndi a pa Mlangeni, ndipo mwina amapemphera tchalitchi chimodzi. Wina akapita kukawalankhulira, akanene za ndani? Vuto limeneli likulu la ku Chichiri nalonso lili nalo, kungoti kumeneko amakangana atavala mataye. Mwini fakitale amafuna msonkho wa katundu wakunja ukwere kuti zake zigulidwe. Mwini sitolo yaikulu yoitanitsa katundu amafuna utsike. Onse ndi mamembala, onse alipira. Chikalata chimene chimakafika kwa nduna chimakhala chitadutsa kale m'mikangano yotere, ndipo amene sanali m'chipindamo zake sizilembedwa, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa palibe anazitchula. Tanzania, itaona kuti katundu wa alimi ake akubwezedwa pa malire chifukwa cha chiletso chija, inabwezera ndi chiletso chake mu April, ndipo maboma awiriwa anachita kukhalirana pansi. Mkangano wa pakhonde lija unalibe woukhalira pansi.

Aphunzitsi anatchulako mabungwe ena amene amati ndi a amalonda ang'onoang'ono: NASME, ndi NABW ya azimayi imene anayambitsa mayi Joyce Banda kalekale asanalowe ndale, komanso bungwe la ochita malonda odutsa malire. Mayi uja anati maina ena anawamvapo, koma bungwe lake iye ndi banki m'khonde ya Lachinayi. Anyamata a kabaza anakumbutsa za mageti olipiritsa. Mlangeni ili pakati pa awiri, la Chingeni kum'mwera lomwe linatsegulidwa mu November 2021, ndi la Kalinyeke ku Dedza kumpoto. Eni ndi madalaivala a maminibasi atachita phokoso ndi mitengo yoyamba, boma linatsitsa. Aliyense anavomereza kuti a minibasi amamveka chifukwa akaimika galimoto, dziko lonse limayenda pansi. Wogulitsa tomato akanyanyala, amaola ndi tomato wake yemwe.

Nthawi imeneyi ndi pamene anatulukira atcheya a komiti ya msika, bambo wamfupi wogulitsa nsomba zouma, ali ndi kope la ana a sukulu lopindidwa pakati m'thumba la malaya. Kuno bungwe la amalonda lenileni ndi kope limenelo. Muli maina a eni mabenchi, a amene anasonkha pa maliro a mnzawo, a amene sanasonkhe, ndi a amene anakangana polimbirana malo. Atcheya salandira malipiro. Wakuba akagwidwa amayamba wafika kwa iwo asanapite kupolisi. Mlendo akabwera ndi lole ya katundu n'kuyamba kugwetsa mtengo, ndi iwo amakamukokera pambali. Okhometsa chiphaso akamavutana ndi mayi amene sanagulitsebe kanthu m'mawa, ndi iwo amakapepesa kuti abwerenso masana. Ine ndimaona kuti mwa onse otchedwa olankhulira amalonda m'dziko muno, awa ndi amene ntchito yawo ili yowawa kwambiri, chifukwa amene amawalankhulirawo amakhala nawo benchi limodzi, ndipo akalephera amawauza pamaso, nsomba zili pakati.

Atcheya anabwera ndi nkhani. Komiti inagwirizana zolemba kalata yopita ku khonsolo ku boma, ndipo pamafunika ndalama ya thiransipoti ya anthu awiri okaipereka ndi kukaitsatira. Aliyense asonkheko kangachepe.

Mayi wa kachewere anamasula mfundo ya pa chitenje osafunsa zambiri. Bambo wa mabuti anati abweretsa madzulo. Bambo wa golosale anayamba kufotokoza kuti iye si wa mumsika, ali ndi laisensi yakeyake ya sitolo, ndipo za mabenchi sizimukhudza.

"Bwana," anatero atcheya mofatsa, "madzi a mvula akasefukira mu ngalande ija amayamba kulowa kwa ndani?"

Ndalama inatuluka.

Kenako kunabuka funso loti m'kalatamo muyambe chiyani. Azimayi awiri amene anabwera kudzaonerera anati chimbudzi ndi madzi. Mnyamata wa kabaza anati malo oimikapo njinga, ngakhale anamukumbutsa kuti a kabaza ali ndi tcheya wawo. Wina anati chiphaso chisakwere kufikira anthu ataona chimene ndalama yake ikugwira. Bambo wa mabuti anafuna mulowe za mbatata ya kutsidya, mayi uja anati ikalowa imeneyo abweza ndalama yake. Atcheya anangomvetsera, osalemba kanthu, mpaka phokoso litatsika. Atatero anati kalata ikhale ya mfundo zitatu zokha zimene palibe akutsutsa, chifukwa kalata ya mfundo khumi bwana amayankha imodzi yosavutayo n'kunena kuti wayankha. Za mbatata zidikire msonkhano.

Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti a ku Chichiri amalipira akatswiri a madigiri kuti awauze zomwezo. Atcheya anawapempha kuti ndiye alembe ndi iwo kalatayo, akaitayipitse, pakhalenso malo a chidindo cha komiti ndi siginecha ya amfumu.

"Ndilembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa?"

"Ya kwa bwana ikhale ya Chingerezi, aphunzitsi, kuti isakagone pansi pa mafaelo. Koma mulembenso ya Chichewa, ndidzaiwerenge pamsika Loweruka. Anthu asonkhawa amve zimene tikukawanenera, asadzati atcheya anakalankhula za nsomba zawo."